Kamtanda Kopendekeka M'chidendene

Mu mpingo uno ndi ochepa amene sanapondepo ntchito ya manja a bambo aja tinkawatcha a Chidendene. Dzinali linayamba ngati nthabwala ya ana, chifukwa munthu akawapatsa moni ankayamba kumuyang'ana kumapazi, nkhope pambuyo. Koma linawakhala, mpaka abusa omwe ankawatchula choncho kutsogolo. Anali wosoka nsapato. Ankakhala pakhonde la sitolo ya zitsulo, pa kampando ka miyendo itatu, pambali pawo pali bokosi la singano, ulusi wopaka phula, kanyundo ndi zidutswa za matayala akale.

Anabadwira m'nyumba yosowa. Bambo awo anamwalira iwo akadali kumsana, ndipo mayi awo ankachapira anthu zovala kuti ana adye. Sukulu sanapite nayo patali. Kuwerenga ankawerenga ndithu, koma motsatira ndi chala. Chuma chimene mayi awo anawasiyira chinali salimo limene ankaimba pochapa, lija lonena kuti Mulungu sadzalola phazi lako literereke. Atatumizidwa kukaphunzira ntchito kwa mmisiri wa nsapato, iwo eni akuyendabe opanda nsapato, anaona ngati salimolo linalembedwera iwo.

Kuchokera pamenepo anakhala ndi kachitidwe kawokawo. Akamaliza nsapato ankalowetsa singano m'kati mwa chidendene, momwe diso silifika, n'kusokamo timizere tiwiri topingasana, kamtanda kakang'ono. Pomanga mfundo ankanong'ona kuti, "Munanena ndinu, Ambuye, kuti phazi silidzaterereka. Phazi lake ndi ili." Sankasankha mwini. Ya aphunzitsi, ya namwino, ya chidakwa chodzandira, zonse zinkachoka ndi kamtanda kake.

Umu ndi momwe ankapempherera pa chilichonse. Ankakonda kuuza achinyamata kuti, "Musamapemphe ngati mukugogoda pakhomo la mlendo. Pezani pomwe analonjeza, mumange mfundo pamenepo. Ulusi wopanda mfundo umasololoka."

Anakwatira mayi wansangala amene sankawasowera chowaseka nacho. "Inu bambo," ankatero mayiwo powalandira, "anzanu amabwera kunyumba akununkhira sopo, inu mwatisenzera mapazi a dera lonse." Iwo ankayankha akusamba m'manja kuti, "Mapazi omwewo ndi amene akukunenepetsani, mayi."

Anabereka ana awiri, wamwamuna kenako wamkazi. Wamwamunayo anali ndi dzanja labwino kuposa la bambo ake, ndipo a Chidendene sankabisa kunyada kwawo. Kungoti anali wamanzere, choncho kamtanda kake nthawi zonse kankapendekeka. "Iwe, mtanda wakowu waledzera kodi?" ankatero bambo ake, n'kuumasula kuti ausokenso. Ali wamng'ono ankaseka nawo. Atamera ndevu, anzake akumunena kuti ndi wonunkhiza mapazi, kuseka kunatha.

Tsiku lina a Chidendene anamasula kamtanda kake pamaso pa anthu odikira nsapato zawo. Mnyamatayo anaponya singano pansi. "Abambo, ine sindidzafera pansi pa mapazi a anthu ngati inu. Mapemphero onsewa akupatsani chiyani? Kampando basi!" Anachoka tsiku lomwelo osanena kopita. Nsapato zatsopano zimene bambo ake anali atamusokera anazisiya pakhomo.

Chikwapu chimenechi chinawalowa. Masiku angapo singano inkawagwa m'manja. Kenako, akutsatira ndi chala m'buku la mneneri, anapeza pomwe Mulungu akuuza kholo lolira kuti lipukute misozi, pakuti ana ake adzabwerera kwawo. Anamanga mfundo pamenepo. Nsapato zija anaziika pansi pa kampando kawo, ndipo Loweruka lililonse ankazipaka polishi, akunong'ona kuti, "Munanena ndinu."

Zaka zinapita. Ena ankati anamuona ku migodi, ena ankati ali kundende, ena ankangotsitsa mawu n'kupukusa mutu. Mwini sitolo, yemwe ankawakonda, anawauza kuti, "Akulu, zipatseni wina nsapatozi, chikopa chiuma pachabe."

"Zili ndi mwini wake, achimwene," anayankha, nsalu ikuyendabe pa nsapato.

Chiyeso chachikulu chinafika akazi awo atadwala. Ali chigonere, mawu atachepa, anagwira dzanja la amuna awo. "Bambo a ana, kapena tinamva molakwa?"

"Makutu athu akhoza kulakwa, mayi. Pakamwa pa Mulungu ayi."

Mayiwo anapita osamuona mwana wawo. Amene tinaliko tikukumbukira kuti a Chidendene atabwerera pa kampando kawo sanadzionetse ngati munthu wopanda bala. Mwana wawo wamkazi anawamva akupemphera kuti, "Amake mwawatenga asanamuone. Ine sindikumvetsa, Ambuye, ndipo sindikunamizani kuti ndikumvetsa. Koma munanena ndinu." Anapitiriza kusokera ana amasiye osawafunsa kanthu, kusesa m'tchalitchi Loweruka, ndi kuyendera odwala ndi timalonjezo tawo tapamtima.

Ukalamba utafika maso anayamba kuchita mdima, ndipo ankasoka ndi zala kuposa ndi maso. Mwana wawo wamkazi, yemwe anali atakwatiwa, anawachonderera kuti asiye ntchito akakhale kwa iye. "Abambo, mukudzizunza. Achimwene akanafuna kubwera akanabwera kale."

"Akabwera adzandifuna pakhonde pano," anatero. "Ukufuna adzapeze kampando kopanda munthu?"

Tsiku lina masana lole inaima patsogolo pa sitolo. Dalaivala wake anatsika akutsimphina, nsapato imodzi itayasama kutsogolo. A Chidendene anailandira, ndipo mwa chizolowezi analowetsa chala m'kati mwa chidendene. Chalacho chinaima. Munali kamtanda, koma sikanali kawo. Kanali kopendekeka.

"Achimwene," anafunsa pang'onopang'ono, "nsapatoyi anakusokerani ndani?"

"Mmisiri wina kutali uko, komwe timakatsitsa katundu. Wamanzere, sayankhulayankhula. Ntchito yake ndi yolimba, apa ndangokola pa chitsulo. Koma ali ndi kakhalidwe koseketsa, madala. Akamamaliza amang'ung'udza yekha ngati akukangana ndi nsapato."

"Amati chiyani?"

"Kaya, zoti phazi, phazi. Ine ndimangoti misala ya amisiri."

A Chidendene anakumbatira nsapatoyo pachifuwa. Mwana amene ananyoza kampando anali pa kampando kwinakwake, akugwira Mulungu pa mawu omwe aja. Anasoka nsapato ya dalaivalayo, koma kamtanda kaja sanakakhudze. Kenako anawerama, natulutsa nsapato zija pansi pa mpando.

"Mukamupatse izi. Mukamuuze kuti mtanda wake uli bwino momwe ulilimo."

"Ndikati zachokera kwa ndani?"

"Akalowetsa chala adziwa."

Lole inapita, ndipo kunatsala kudikira. Mwana wawo wamkazi ankaopa kuti akapanda kubwera, mtima wa bambo ake udzasweka kotheratu. Iwo m'mawa uliwonse ankangosesa pakhonde, n'kuika kabokosi kachiwiri pambali pa kampando kawo.

M'mawa wina ataweramira ntchito, mthunzi unagwa pa manja awo. Monga mwa nthawi zonse, anayamba kuyang'ana kumapazi. Maso anali ofooka, koma nsapato zimene anazipaka polishi zaka zonsezo sakanazisokoneza ndi zina. Mwini wake anali ataima njo, imvi zitayamba m'mutu.

"Zikukuthina?" anafunsa a Chidendene.

"Pang'ono, abambo."

"Khala pansi, tizikuze."

Mwanayo sanakhale pa bokosi. Anagwada n'kugwira mapazi a bambo ake, akulira ngati kamwana. Pambuyo pake anafotokoza kuti anayesa ntchito zambiri, njala n'kumubwezera ku singano, ndipo manyazi anamumanga: akanabwera bwanji ndi ntchito yomwe anainyoza pamaso pa anthu? Anapita limodzi kumanda a amake, mlongo wake atamugwira dzanja. Lamulungu lotsatira a Chidendene analowa m'tchalitchi atatsamira phewa la mwana wawo, akuyenda ngati munthu wovala korona. Mwini sitolo anawanong'oneza kuti, "Akulu, ndinalakwa." Iwo anaseka. "Ndinakuuzani kuti zili ndi mwini wake."

Anakhala nafe nyengo zingapo, ali pambali pa mwana wawo, akupaka ulusi phula pomwe manja anali atalephera singano. Tsiku lawo litafika sanavutike. Kunali masana, chitseko chili chotsegula, ana awo onse awiri ali pambali. Anapempha kuti awaimbire salimo la amayi awo lija. Litatha anati, "Munanena ndinu, Ambuye, ndipo mwachita." Anatseka maso ngati munthu amene wamanga mfundo yomaliza.

Pa mwambo wowatsanzika abusa anafotokoza za kamtanda kaja, kamene ambiri sankakadziwa. Tinaona anthu akuwerama m'mabenchi, aphunzitsi, anamwino, ngakhale uja ankadzandira kale, aliyense akuvula nsapato n'kulowetsa chala. Panamveka kusisima m'tchalitchi monse. Tinali titayenda zaka zambiri pa mapemphero a munthu, osadziwa.

Kampando kaja kakadali pakhonde la sitolo, ndipo pakukhala mwana wawo. Mukamupatsa nsapato yanu, mukailandira mudzalowetse chala m'chidendene. Mudzapeza kamtanda kopendekeka. Musadzamuuze kuti akawongole.