Wa lupanga lofiira ku Kapata

Chaka chimene ndinkagulitsa m'sitolo ya zitsulo ku Chipata, Lamulungu lililonse ndikatuluka ku Misa ndinkapita ku Kapata kukasewera gemu. Shopu yake inali ya mnyamata wina wachisilamu, mwana wa ogulitsa nsalu. Anaikamo makompyuta asanu ndi fani imodzi yolira ngati chigayo.

Gemuyo inali ya nkhondo ya m'mlengalenga. Munthu umavala zovala zachitsulo, n'kumalumpha m'zombo zakugwa uli ndi lupanga lowala. Tinkasewera atatu mbali imodzi: ine, msuweni wanga, ndi mnzathu wina wonyamula anthu pa njinga. Adani athu anali anthu a pa intaneti amene sitinkawaona nkhope.

Nthawi yokumba nshawa itafika, amayi anandiitana kumudzi ku Chiparamba, ndipo ndinajomba kangapo. Nditabwerako ndinapeza anzanga asintha. Moni anayankha, koma mpando sanandikokere.

"Kwabwera wina wa lupanga lofiira," anatero msuweni wanga, maso ali pa kompyuta. "Amatidikirira pakhomo lomwe lija timabisalapo. Amadziwa kuti ine ndimathawira kumanzere."

"Ndiye?"

"Ndiye amabwera inu mukachoka, asuweni."

Ndinaseka, koma ndinaseka ndekha. Ndinawauza kuti kumudzi netiweki timaipeza titakwera pachulu, ndipo ndinawaonetsa manja anga osweka ndi khasu. Wa njinga uja anawayang'ana, n'kunena kuti foni yanga yatsopano ija imakoka bwino kulikonse.

Tsikulo wa lupanga lofiira sanabwere. Zimenezi zinangowonjezera nkhani.

Kunena zoona, nanenso ndinayamba kuyang'ana anthu ndi diso lina. Mwini shopu ankakhala kuseri kwa kauntala ndi laputopu yake, ndipo mawu athu onse ankawamva. Ndinaona kuti tikamasewera sankatiyang'ana n'komwe, chikhalirecho kale ankakonda kuima kumbuyo kwathu n'kumatiseka. Msuweni wanganso ndinamuganizira: mwina anapeka zonsezi pofuna kulowetsa mlamu wake m'malo mwanga, poti anali atazitchulapo kale.

Lamulungu lotsatira ndinaika foni yanga patebulo, ndinapinda manja, n'kuwauza kuti asewere awiri ine ndikuonerera. Mwini shopu ndinamupempha kuti akhale pafupi nane. Anabwera mosanyinyirika, akudya chinangwa chokazinga, laputopu ataitseka.

Masewera atangofika pakati, wa lupanga lofiira anatulukira. Anatsika kuchokera pamwamba pa chombo, anadula wa njinga kamodzi kokha, kenaka anaima. Msuweni wanga anathawira kumanzere, ndipo anamupeza ali komweko.

"Mwaona?" ndinatero.

"Mwina munapatsa munthu wina kuti akusewerereni," anayankha msuweni wanga, koma mawu ake analibe mphamvu.

Pamenepo pakona ya kompyuta panabwera uthenga wochokera kwa mdaniyo. Unali m'Chinyanja chathu chomwechi: "Mwaswera bwanji a ku Kapata? Fani yanu ikulira kwambiri."

Tonse tinatembenukira ku zenera. Panja panali amayi ogulitsa tomato, telala akupalasa makina ake, ndi anthu odikira minibasi, aliyense ndi foni m'manja. Wa njinga anatuluka n'kuzungulira nyumba yonse. Anangopeza mbuzi. Mwini shopu anati mwina maikolofoni ya wina inali yotsegula, ndiye fani inkamveka kutali. Zinali zomveka, koma za Kapata sanazifotokoze, ndipo ndinaona kuti anayankha msanga kwambiri, ngati anali atakonzeratu.

Anzanga anandibwezera mpando wanga, ngakhale panalibe amene anapepesa. Tinapitiriza kusewera mpaka mvula itayamba, koma tinkalankhula monong'ona, ndipo msuweni wanga anayamba kutseka zenera ngakhale kutenthe bwanji. Wa lupanga lofiira anabweranso kawirikawiri, osalembanso kanthu. Kenaka shopu ija inasanduka saluni, mwini wake atasamukira ku Lusaka.

Mwini shopu uja ndinakumana naye chaka chatha pa ukwati wina. Titacheza za ana ndi za malonda, ndinamufunsa mwachindunji ngati ankamudziwa wa lupanga lofiira uja. Anapukuta m'manja ndi kansalu, n'kunena kuti iyenso nthawi yonse ija ankaganiza kuti ndinali ine.