Mwana wanga anapita ndili mu eda

Amuna anga anamwalira m'nyengo yachisanu, nthawi imene kuno ku Lichinga madzi a m'ndowa amaluma zala m'mawa. Titaika maliro ndinalowa eda, monga achitira akazi achisilamu akafedwa: kukhala m'nyumba miyezi inayi ndi masiku ake, osapita kumsika, osadzola zonunkhira, osaonekera kwa amuna achilendo. Dziko langa linathera pakhomo la nyumba yathu ku Lulimile.

Nkhani ya bolosa, thandizo lolipirira sukulu, inandipeza momwemo. Mwana wanga wamkazi, yekhayo amene ananditsalira pakhomo, anali atamaliza sekondale. Aphunzitsi ake ena aakazi anamulembetsa kwa anthu a ku Maputo amene amalipirira atsikana sukulu ya makompyuta, chakudya ndi pogona pomwe. Anamusankha. Anayenera kunyamuka mwezi usanathe, apo ayi malo ake apatsidwa kwa wina.

Iye anandiuza akumwetulira, koma ine ndinachita mantha. Sukulu ndinalekeza kalasi yachitatu, kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndipo kompyuta ndinkaidziwa ngati bokosi limene a kuofesi amabisako nkhope akamakuuza kuti ubwere mawa. Koma chimene chinandiopsa si bokosilo. Titabwerako ku Malawi, kwathu kunafika mayi wina wovala bwino n'kutenga mkulu wanga, akuti akamupezera ntchito kumwera. Mpaka lero sitidziwa ngati ali ndi manda. Munthu wosandidziwa akati adzadyetsa mwana wanga ulele, ine ndimaona mayi uja.

Achimwene anga, eni mbumba, anabwera atamva. Anakhala pampando wa malemu osavula chijasi.

"Achemwali, zimenezi ayi," anatero. "Maliro sanazizire n'komwe. Ndiye ndamva kuti kumeneko akuluakulu onse ndi akazi. Munaionapo sukulu yopanda bwana wamwamuna? Amunawo alipo, angobisala kumbuyo."

Mwana wanga anali akusankha nyemba pakona. "Amalume, foni yanu ikavuta mumapita kwa mwamuna uti?"

"Iwe, kukonza foni ya malume ako si sukulu. Ngakhale kamwana ka pamsika kamatha."

"Nanga bwanji simupita kwa kamwanako?"

"Mukuona, achemwali? Asanapite n'komwe pakamwa patalika kale." Kenako anatsitsa mawu. "Adikire eda yanu ithe, mudzamuperekeze nokha mukaone ndi maso."

Tonse tinadziwa kuti eda ikamatha malo adzakhala atapita. Mumtima ndinali mbali ya achimwene. Mwanayo sanalire, sanatukwane. Anangoleka kuyankhula, ndipo zimenezo zinandiopsanso mwa njira ina. Ndinkamuona atakhala pakhonde tsiku lonse, ndikuganiza kuti ndikamusunga ndidzasunga thupi lokha.

Tsiku lina masana anabwera ndi foni m'manja. Mayi woyang'anira atsikanawo ankafuna kuyankhula ndi ine, osati ndi amalume, ndipo ankafuna tizionana nkhope. Ndinakana. Ndingadziwe bwanji amene waima pambali pake? Ndinafunda mpango mpaka m'maso n'kuuza mwanayo kuti aloze foniyo kukhoma. Motero ndinayamba kucheza ndi msana wa foni, mayiyo akuyang'ana khoma lathu losazira. Achimwene anali panja pafupi ndi zenera, akunamizira kukonza njinga.

Mayiyo ankayankhula Chipwitikizi chothamanga. Changa ndi cha pamsika, choncho mwana wanga ndiye ankamasulira.

"Mufunse, bwana wake ali kuti?" ndinatero.

Ndinamva kuseka m'foni muja.

"Akuti bwana ndi iwowo, Amayi."

Panja achimwene anatsokomola.

Mayiyo ananena zambiri, zoti m'ntchito imeneyi akazi ndi ochepa, zoti akufuna atsikana amene adzatsogolere anzawo. Mawu anali okoma. Koma mayi amene anatenga mkulu wanga nayenso anali ndi mawu okoma, ndiponso womasulira wanga anali munthu wofuna kupita. Ndinaopa kuti akundisefera. Ndinafunsa katatu ngati m'chipindamo munali mwamuna, ndipo atakana katatu ndinati foniyo itembenuzidwe. 

Anali mayi wamng'ono kwa ine, wa magalasi. Anandisonyeza chipinda chachikulu, atsikana atakhala m'mizere, aliyense ndi kompyuta yake. Onse anakweza manja kundilonjera. Mtima sunatsike. Zokonzeratu ndimazidziwa, ifenso alendo akamabwera timasesa pabwalo.

"Uwauze andisonyeze kumene amayanika zovala," ndinatero.

"Amayi, mukundichititsa manyazi."

"Uwauze."

Mayiyo anadabwa, koma ananyamuka. Foni inagwedezeka potsika masitepe, inadutsa pakhomo lina, n'kutulukira kuseri kwa nyumba. Kunali zingwe zodzaza nsalu zosuluka, mabulauzi, masokosi osafanana. Atsikana awiri ankalimbirana malo pachingwe. Wina wofunda mpango ngati wathu ankatsuka poto ndi mchenga. Wina ataona foni anabisa buledi kumbuyo, masaya atatupa. Kenako wa potoyo anaimirira n'kuyamba kumukalipira mayi woyang'anirayo, dzanja lili m'chiuno.

"Akuti chiyani?"

"Akuti madzi asiyanso kutuluka, ndiye akonza liti."

"Ndiye bwanayo akuti chiyani?"

"Akupepesa."

 Mtsikana wogwidwa sakalipira womugwira chifukwa cha madzi. Zimenezo ndinazimvetsa popanda wondimasulira.

Foni itatsekedwa ndinaitana achimwene kuti alowe.

"Apite," ndinatero.

"Chikamugwera chinthu musadzanditchule."

"Ndidzakutchulani, chifukwa ndinu mukamukweze sitima."

Anandiyang'ana, anayang'ana mwanayo, mdzukulu wa amayi athu, n'kutuluka. Koma m'mawa wa ulendo anafika ndi njinga zamoto ziwiri zahayala.

Tsikulo kunali nkhungu. Mwanayo ndinamuchitira duwa, pemphero lathu, m'nyumba, ndikumugwira mutu monga akanachitira bambo ake. Kupitirira pakhomo sindikanatha, pakuti oyendetsa njingawo anali amuna achilendo. Ndinaima kuseri kwa chitseko ndikusuzumira pampata. Ndinaona chikwama chikumangidwa, ndinaona msana wa juzi yake, kenako nkhungu basi. Ndinakhala pansi pomwepo.

Mwanayo anaimba atafika ku Cuamba, ulendo ukadali kutali. Kuchokera apo foni yake inasiya kugwira. Ndinkaimba, mawu a mayi wa m'makina n'kumandiyankha. Ndinasesa m'nyumba mosesedwa kale. Ndinaganiza zonse zimene munthu angaganize, ndipo panalibe koti n'kuthamangira, ngakhale kwa oyandikana nawo. Tsiku linadutsa, lina linayamba. Itaitana foniyo ndinaopa kuigwira.

"Amayi, ndafika. Moto wa m'foni unatha m'njira. Kuno kukutentha, juzi ndavula."

Eda ndinamalizira ndekha. Tsopano mwanayo ali m'chaka chachitatu, ndipo akuti ndiye amalandira atsikana atsopano n'kuwayambitsa. Zimene amapanga m'makompyutamo wandifotokozera kangapo, sindinazigwirebe. Mantha sanandichoke. Akaimba ndimayamba ndamvetsera ngati mawu ake ndi omasuka, kenako ndimafunsa ngati wadya.