Dzina la Agogo Lili m'Buku la ku Italy

Lachiwiri lapitali ndinapempha tchuthi kuntchito, ndinawaveka amayi juzi, n'kukwera nawo minibasi, imene kuno amati matatu, pa Donholm. Amayi ali kuno ku Nairobi chifukwa cha opaleshoni ya ng'ala, ndipo diso limodzi likadali lomata. Kondakitala atawaona anatsika n'kuwagwira mkono. "Pole pole, mama," anatero m'Chiswahili, kutanthauza kuti pang'onopang'ono. Ulendo unali wa ku Spring Valley, kunyumba ya masisitere opuma pantchito, kukawerengetsa mapepala awiri amene ine ndi sukulu yanga yonseyi anandikanika.

Ndiyambe ndakuuzani za amayi. Ndi oyera khungu, tsitsi lawo ndi lofewa. Bambo awo anali Mtaliyana, mmisiri amene ankamanga zigafa za fodya m'maesiteti a ku Thyolo. Nkhondo yachiwiri itabuka, atsamunda anagwira Ataliyana, ndipo iye anatengedwa amayi akadali kumsana. Sanabwerenso. Pamudzi ankangomudziwa kuti Pyetulo, ndipo nkhani inali yakuti mzungu uja anapezerapo mpata wothawa. Mayi awo a amayi, agogo Anaphiri, anthu ankawanena kuti anali mkazi wongopumirapo. Amayi anakula akumva mawu amenewo kuchitsime, kusukulu, ngakhale pa tsiku la chinkhoswe chawo.

Chaka chatha anandiuza pa foni kuti, "Sindikufuna kanthu kwa anthu amenewo. Ndingofuna kudziwa ngati bambo anatithawadi."

Ndiye ndinayamba kufufuza. Anzanga kuofesi ankandiseka. "Ukusaka pasipoti ya ku Ulaya eti? Ukaipeza utikumbukire." Ndinkaseka nawo, koma mumtima ndinkadandaula. Kodi munthu wakuda akafunsa za makolo ake, ndiye kuti akufuna kusamuka basi?

Msuweni wanga Felikisi anapita kuparishi ya kwathu, nakajambula pa foni tsamba la ubatizo wa amayi. Pamenepo panali dzina lonse la bambo awo ndi mudzi wakwawo. Ndinalembera kuofesi ya kalembera ya mudziwo, koma anayankha kuti munthu wotere samudziwa. Ndinafooka. Kenako ndinazindikira kuti midzi ya dzina limenelo ilipo iwiri, wina kuchigwa, wina kumapiri. Ndinalemberanso wa kumapiriwo, kuofesi ndi kuparishi komwe. Miyezi inadutsa kuli zii. Sabata yathayi mayankho anafika, lina m'Chitaliyana, lina m'Chilatini cholemba pamanja.

Sisitere Lucia ndi Mtaliyana wokalamba amene wakhala ku Kenya kuyambira utsikana wake. Anatikhazika pakhonde, natipatsa tiyi, navala magalasi. Ankawerenga pang'onopang'ono n'kumafotokoza m'Chingerezi, ine ndikumasulira amayi.

Pepala loyamba linali la boma, la imfa. Pietro, Pyetulo uja, anamwalira ndi matenda m'kampu ya akaidi, nkhondo isanathe.

Amayi anafunsa, "Ndiye kuti sanafike kwawo?"

"Sanafike, amayi."

"Oo." Anaika kapu pansi. "Pitirizani."

Pepala lachiwiri linali chithunzi cha tsamba la ubatizo wake. Mwana wa womanga nyumba, mdzukulu wa womanga nyumba. Sisitere atafika kumapeto anapendeketsa pepalalo, chifukwa m'mphepete munali timalemba tina, ta inki yosiyana. Anatifotokozera kuti mwa mwambo wa mpingo, munthu akamanga ukwati woyera kulikonse, uthenga umatumizidwa kuparishi imene anabatizidwira, ndipo amalemba pambali pa dzina lake. Kenako anawerenga movutikira, lilime likupunthwa: Agnes Naphiri, Nyasaland.

Abale anga, dzina la agogo anga. Mayi amene sanaonepo ngakhale Limbe mpaka atakalamba, dzina lawo lakhala m'tchalitchi cha kumapiri a ku Italy zaka zonsezi, pambali pa la mwamuna wawo.

Ine ndi amene ndinalira. Amayi ayi. Anawongola msana, nakonza duku, nauza sisitere uja kudzera mwa ine, "Muwauze kuti amayi anga ankanena zoona. Ankati anakwatiwa pa guwa, anthu n'kumaseka."

Agogo anamwalira anthu asanawakhulupirire. Buku la maukwati la kumishoni kwathu linadyedwa ndi chiswe kalekale, ndipo mawu a mkazi wosaphunzira sanali umboni kwa aliyense.

Pobwerera amayi anakana kukhala kumbuyo. Anakhala kutsogolo pafupi ndi dalaivala, envulopu ili pachifuwa. Madzulo anaimbira foni achemwali awo obadwa kwa bambo wina, ndipo ndinawamva akutchula dzina lonse la bambo awo katatu konse, mosathamanga, kuti asaliphonye.

Ndine wonyada, ndipo sindibisa. Ndikunyadira mmisiri amene sanachite manyazi kulembetsa mkazi wake wa ku Thyolo m'buku lakwawo. Koma koposa ndikunyadira agogo, amene analera mwana okha pakati pa miseche, osasintha nkhani yawo ngakhale tsiku limodzi.

Komabe pali chinthu chimene chandisowetsa mtendere. Lero ndikhoza kukutchulirani makolo a Pietro mibadwo ingapo, chifukwa wansembe wina ndi kalaliki wina anakhala pansi n'kulemba. Nanga a mbali ya agogo Anaphiri? Ndinawafunsa amayi Lachitatu m'mawa. Anatchula mayi awo a agogo, anatchulanso malume mmodzi, kenako anagwira pachipumi. "Enawo ankawadziwa ndi amayi."

Ife Amalawi a kuno tikakumana ku Roysambu pambuyo pa mapemphero, timayamba n'kufunsana kuti kwanu n'kuti, mfumu yanu ndani. Timanyadira kuti mbiri yathu timasunga pakamwa. Inde, koma pakamwa pa ndani? Ana athu akukula ndi Chiswahili ndi Chingerezi, kumudzi amapita pa Khirisimasi, nthawi zina pamaliro pokha. Ife amene timalembera mabungwe malipoti ataliatali tsiku ndi tsiku, sitinalembepo tsamba limodzi la anthu amene anatibereka.

Ine ndayamba. Ndimatchera foni kuti izijambula mawu, amayi n'kumasimba, ndipo nthawi zina amandikalipira kuti ndikufunsa ngati wapolisi. Zina aiwala, zina amazikumbukira pakati pa nkhani ina. Ndikutola zomwe zatsala.

Inu amene mukuwerenga, mayi awo a agogo anu dzina lawo anali ndani? Ngati simukulidziwa, alipo akadali moyo amene mungawaimbire lero?