Andibera mphini zanga mu vidiyo

Anzanga inu, umbava wafika pena! Kale ankaba nkhuku, ankaba mbuzi, ankaba zovala pachingwe. Sabata ino andibera nkhope, ine mwini wake ndili moyo, ndikupuma, ndikutafuna chinangwa.

Khalani pansi ndikuuzeni.

Mwezi watha tinakwatitsa Tiyamike, mdzukulu wanga. Madyerero anachitikira mu holo ya pa esiteti pomwe ndathyola tiyi moyo wanga wonse. Ndinavina! Ee, ndinavina ine, chiuno chinakumbukira zimene mawondo anaiwala. Nthungululu ndinaimba mpaka mawu kusasa.

Koma munthu mmodzi sanapite, achemwali anga aElube, akulu a mbumba yathu. Amakhala ku Changata, miyendo inawakana kalekale, maso nawo ayamba kuchita nkhungu. Ukwati usanafike anandigwira dzanja nkunena kuti, "Iwe, upite ukaime m'malo mwanga. Akuchimuna akaone kuti mwanayu sanaphuke pa chitsa cha tiyi, ali ndi kwawo."

Ndiye Lolemba vidiyo itatuluka, Tiyamike anaiika mu foni, ife ulendo ku Changata kukaonetsa eni mbumba. Ndinawagulira ndi buledi yemwe.

AElube anaigwira foni ija pafupi ndi mphuno. Anaona abusa, anaona keke, anaona mkwati nkunena kuti makutu ake ndi aakulu koma aoneka waulemu. Kenaka panafika povina pathu. Pakati pa bwalo panali mayi wina akudula chiuno, fumbi kobo!

"Nanga uyu wavala chitenje chathu ndani?"

"Ndine, achemwali."

Anandiyang'ana ine, nkuyang'ana foni, nkundiyang'ananso.

"Iwe uli ndi mphini. M'masaya muno, pachipumi apa. Anatitema tsiku limodzi, pamphasa imodzi, azakhali amodzi, iwe nkumalira ngati mbuzi. Uyu nkhope yake ngati dzira. Sunapite iwe. Unabwereketsa chitenje kwa munthu, iwe nkukhala pakhomo ndi mawondo akowo."

"Agogo, ndi iwowa ndithu," anatero Tiyamike.

"Khala chete, mwagwirizana. Mbumba yanga yachita manyazi, mwana wakwatiwa ngati wamasiye."

Anatembenukira kukhoma. Buledi uja sanamuyang'ane nkomwe.

Ndinatenga foni ndione ndekha. Mayo ine! Chitenje changa, duku langa, chiuno changa chomwe, koma nkhope ya mlendo. Makwinya palibe. Mphini palibe. Khungu lambee ngati ndakhala mu ofesi ku Blantyre chibadwire, ine munthu woti dzuwa la m'minda ya tiyi limandidziwa dzina.

Inu ana a masiku ano mwina simudziwa. Mphini zimenezi si za mankhwala, si za matenda. Zinali zokongoletsa. Ankatema ndi kampeni, nkupaka makala, iwe nkumaluma nsalu. Ukachira unkayenda mutu uli m'mwamba. Malemu amuna anga anandiona pa sikelo ya tiyi, dengu lili kumsana, nkuiwala zoyeza masamba awo, maso ali pamasaya angawa. Lero munthu wangozifufuta ngati makala pa poto!

Lachitatu ndinakwera minibasi mpaka pa Bvumbwe, Tiyamike ali pambuyo ngati wapalamula. Amene anakonza vidiyoyo ndi aGulesi, mayi wa ana awiri, ali ndi kachipinda kuseri kwa saluni. Tinawapeza avala zomvera m'makutu, maso ali pa kompyuta.

"Odi kuno! Ndabwera kudzatenga nkhope yanga."

"Fikani agogo. Mwati chiyani?"

"Nkhope yanga, mwanawe. Munaisiya kuti? Mu dirowa?"

Ataona masaya anga, nkuona vidiyo, anagwira pakamwa. Anandikhazika pampando nkundifotokozera bwinobwino. Akuti wojambula amangobweretsa zonse zosakanikirana, za m'mawa, za masana, za anthu akuyasamula. Iwo ndiye amadula, amalumikiza, amaika nyimbo, amakonza kuwala. Ndiye akuti ali pa gulu la pa foni la anzawo a ntchito yomweyi, kumene amauzana zatsopano zikatuluka. Kumeneko ndiye anamva za pulogalamu ina yobwera kumene. Ukangodina pamodzi, imasalaza nkhope za anthu onse mu holo.

"Ikaona kachizindikiro pankhope imayesa chipsera, agogo, ndiye imachotsa."

"Chipsera! Anaipanga ndani pulogalamu yakoyo? Kwawo kulibe agogo?"

"Kaya agogo, ndi yakunja."

"Ndiye uwauze anzako a pa gululo kuti ku Thyolo kuli nkhope zolembedwa kale. Asamafufute asanafunse."

Apo Tiyamike ndiye anayamba kukanda pansi ndi chala chakuphazi. "Agogo, ndinanena ndine. Ndinati atikongoletse tonse."

Mwamva? Atikongoletse! Ndiye kuti zaka zonsezi mwanayu amandiona ngati nyumba yofuna kuzira?

AGulesi anandiuza zambiri, ndinaseka mpaka misozi. Akuti masiku ano akapereka vidiyo anthu akuoneka mmene alili, eni ake amaibweza. Wina amati mundichepetse mimba. Wina amati mundiwalitse pang'ono, ndikuoneka wakuda kuposa mkazi mnzanga. Wina anabwera ndi vidiyo ya chinkhoswe chakale kuti amuchotsemo mwamuna, atsale yekha akumwetulira mpando. Akwaya ina anajambulitsa nyimbo m'munda wa tiyi chifukwa ndi wobiriwira bwino, kenaka nkupempha kuti amayi othyola tiyi amene akuoneka kumbuyo achotsedwe, akuti akuipitsa. Tiyi akhale, othyola achoke! Nanga amayesa masamba aja amadzigwetsa okha mu dengu?

Ndikufunseni anzanga. Tikamasalazana chonchi, adzukulu a adzukulu athu adzaona ndani? Adzatsegula vidiyo nkupeza mtundu wonse ukufanana ngati zidole zovekedwa madiresi m'masitolo a ku Limbe. Adzaloza bwanji kuti awa ndi agogo? Adzadziwa bwanji kuti mphuno iyi ndinatengera uku? Nanga ukasowa, abale nkupita ndi chithunzi chako chosalala kukafunsa anthu, adzakupeza?

Ine sindikudana ndi kukonza, ayi. Tiyi naye timathyola wamuwisi, amapita ku fakitale, amamufotetsa, amamudula, amamuumitsa. Koma akatuluka amakhala tiyi ndithu. Atatuluka ali madzi a shuga, kapitawo angathamangitse fakitale yonse.

Mwamwayi aGulesi anali asanataye vidiyo yaiwisi, imene wojambula anabweretsa. Anaitsegula. Ndinadziona! Ine ndithu, thukuta lili chuchuchu, mphini zanga zili ngwee, zino langa limodzi lakutsogolo likulondera pakhomo lokha ngati mlonda wa pa geti. Ndinaimba nthungululu m'kachipinda muja, amayi a mu saluni anatuluka mitu ili yoluka theka.

Tikuyang'ana yaiwisi ija, ndinaona china. Asewere anga aFanesi, agogo ake a mkwati, amene tsiku lonse ankatiyang'ana akuchikazi ngati tanunkha utsi, kamera inawagwira pakona. Ayang'ana uku, ayang'ana uko, ntchafu ya nkhuku mu chikwama, lowu! Ayang'ananso, ina lowu!

"Imitsani pomwepo! Ichi munachotseranji? Bwezerani. Muikenso nyimbo."

AGulesi anaseka koma anapukusa mutu. "Agogo, zina timadula kuti mabanja alimbe."

Ndinachonderera, anakana. Mwana wamakani ameneyu, koma ndikaganiza bwino, ali ndi nzeru. Kudula nkhuku ya asewere ndi chifundo. Kudula mphini zanga ndi umbava. Amene wagwira lumo azidziwa kusiyanitsa.

AGulesi anavomera kundibwezera nkhope yanga, ine nkupemphanso zina ziwiri. Choyamba, povina panga achedwetse, chiuno chiziyenda pang'onopang'ono ngati nkhungu ikutsika m'phiri la Thyolo, aliyense aone bwino. Chachiwiri, nkhope ya asewere aisiye yosalala momwemo. Ndamva kuti aikonda kwambiri, akuonetsa mudzi wonse. Asiyeni. Tsiku lina adzukulu awo adzawafunsa kuti mtsikana ameneyu ndani, ine ndidzakhala pafupi.

Dzulo ndinabwerera ku Changata. AElube anandilandira ndi msana. Ndinangowaika foni m'manja.

Anaiyandikitsa pamphuno. Abusa anadutsa, keke inadutsa, makutu a mkwati anadutsa. Kenaka mayi uja analowa m'bwalo, pang'onopang'ono. Achemwali anatambasula dzanja. Ndinaona chala chawo chikuyenda pagalasi la foni, kutsata mizere ya pa tsaya langa, umodzi umodzi. Kenaka chala chomwecho chinapita pa tsaya lawo.

"Ndiwedi," anatero. "Unapita. Unaima."

Ine mtima pansi, misozi ikufuna kutuluka.

"Koma wakalamba bwanji, iwe! Ndipo kavinidwe aka ndinakuphunzitsa ndine, ukuphonya mwendo wamanzere. Buledi uja ali kuti?"

Tinadya buledi wouma uja ndi tiyi, tikuseka ngati atsikana, masaya athu olembedwa akugwedezeka.

Ndiye inu amene mukupita kukakonzetsa vidiyo sabata ino, dulani zoyasamula, dulani nkhuku za m'zikwama, ikani nyimbo zokoma. Koma musanadine posalaza paja, taimani kaye. Kwanu kulibe munthu wa maso ankhungu amene amakudziwani ndi nkhope yomweyo mukufuna kutayayo?