Gemu Yochedwa ya ku Lilanda

Ku Lilanda aliyense amamudziwa Dingani, wokonza makompyuta pafupi ndi msika. Luso ali nalo, koma ali ndi nthenda imodzi: kugula chinthu chimene angathe kuchipanga yekha amakuona ngati kunyozeka.

Mkulu wake, Moven, ankayendetsa minibasi mpaka pamene sitiroko inamufooketsa dzanja lamanja. Kuchipatala anamuuza kuti zala zizigwira ntchito tsiku lililonse, apo ayi ziuma. Poti ankakonda gemu ya mpira, anapempha mng'ono wakeyo kuti amugulire makina ake enieni a gemu, aja olumikiza ku TV.

"Ba Moven, vija ni va bantu bosaziba vinthu," anatero Dingani. "Ine nizapanga."

Anapangadi. M'kompyuta yake yakale anaikamo pulogalamu yonamizira kompyuta yachiwiri, ngati kugawa chipinda chimodzi ndi katani, ndipo gemuyo anailowetsa mmenemo. Inayaka bwinobwino. Koma kompyuta yokalamba ikagawana mphamvu pawiri imachita wefuwefu. Ukadina batani, wosewera pa sikirini ankayamba waganiza kaye, n'kudzamenya mpira utadutsa kale.

Dingani analiona vutolo tsiku loyamba lomwe. Moven sanalione, chifukwa iye ankayang'ana zala zake.

"Kwanja uku kuchedwa maningi," ankadandaula choncho, poganiza kuti dzanja lake ndilo likuchedwa kwambiri.

Apa m'pamene Dingani akanangoti, "Si imwe, ni mashini yanga." Mawu ochepa chabe! Koma anali atadzitama kale kumsika konse, ndipo manyazi anamutseka pakamwa. Ankangoti, "Yesani futi," uku mumtima akulonjeza kuti Loweruka akonza. Loweruka linabwera n'kupita kambirimbiri. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu.

Patatha miyezi inayi, Moven analeka gemuyo. Analekanso kufinya kampira kamene anampatsa kuchipatala, nati palibe chimene chikusintha.

Dingani ataona zimenezi mtima unamupweteka. Anakwera basi ya m'tauni, nagula makina aja, n'kudzawaika pamiyendo pa mkulu wake. Kenako, maso ali pansi, anaulula zonse: kuti chochedwa chinali kompyuta, ndiponso kuti iye ankadziwa kuyambira pachiyambi.

Moven sanakalipe. Anayesa kutambasula zala kuti agwire katoni ya makinawo, koma zinali zitapindikira m'kati, zitauma gwa.

"Sembe unaniuza chabe, mufana wanga," anatero motsitsa mawu. "Ine masiku yonse aya nenze kudana na kwanja kwanga."