Wilo la Njinga Linandilankhulira

Mwana wanga anabadwa bambo ake atakhala kale miyezi itatu kundende. Anamangidwa atavulaza munthu pa mkangano wa malire a munda kuno ku Chisenga. Ine kwathu ndi ku Kaseye, kuno ndinabwera ndi ukwati. Kokawaona ku boma ankapita apongozi anga aamuna, ine ndinkatsala ndi khanda.

Tsiku lina alamu anga anandiuza kuti amuna anga afunsa ngati ndikadalipo. Akuti kumeneko amauzana kuti mkazi sadikira kupitirira dzinja limodzi. Apongozi anawayankha kuti ndilipo, koma iwo anaganiza kuti akungowatonthoza. Ndinayamba kalata kawiri, ndipo kawiri konse ndinaing'amba. Ikanadutsa m'manja mwa apongozi, kenako n'kuwerengedwa pachipata.

Titakolola, kunabwera mayi wina wa kumwera ndi anzake awiri, atanyamula chojambulira mawu. Anati akutolera mawu a midzi kumene akaidi amachokera, akawaulutse pasipika m'kati mwa ndende, kenako abweretse mawu a m'katimo kuti ifenso timve. Anati munthu akhoza kulankhula, kuimba, kapena kungopereka phokoso lililonse la pakhomo.

Anayala mphasa pakhonde la apongozi. Apongozi analankhula nthawi yaitali, za mbuzi, za feteleza, za kulapa. Kenako mayi uja anatembenukira kwa ine. Ndinali nditagwada patali, kuseri kwa nkhokwe, chifukwa kuno mkazi sakhala pafupi ndi apongozi aamuna, ndipo sakweza mawu iwo alipo. Iye sankadziwa. Anandikodola, nabwera yekha n'kundilozetsa chojambuliracho kukamwa. Ndinaganizanso za amuna onse aja atakhala pabwalo la ndende, akumva zimene mkazi akuuza mwamuna wake. Ndinayang'ana pansi. Anadikira, anadikira, kenako anazimitsa.

Akumanga katundu, ndinamutsatira mpaka pamphambano n'kumupempha chapansipansi kuti afike kunyumba kwanga.

M'nyumba mwathu muli njinga ya amuna anga. Anaipachika okha kudenga ndi zingwe sabata ya mlandu, kuti matayala asawonongeke. Wilo lakumbuyo lili ndi sipokosi imodzi yopindika. Ukalizunguza limalira tiki-tiki-tiki, kenako gwe, n'kuyambanso. Ankanena mwezi ndi mwezi kuti akonza. Masana mwana akavuta, ndinkazunguza wilolo, iye n'kumaliyang'ana mpaka atatonthola. Masiku ena limenelo ndi limene linkakhala phokoso lokhalo m'nyumbamo.

“Simunenapo kanthu, mayi, ngakhale moni?” anafunsa mayi uja.

“Jambulani ichi basi,” ndinatero.

Ndinazunguza wilo. Mwana ali kumsana anayamba kulankhula zake zija zosamveka, ndipo pa gwe anaseka. Mayiyo anandiveka zomvera m'makutu kuti ndimve. Nyumba yanga inamveka yaikulu ngati tchalitchi chopanda anthu. Ndinamvanso kupuma kwanga, ndipo ndinachita manyazi, koma sindinamuuze kuti afufute.

Panapita miyezi iwiri. Ndinasenda mtedza, ndinazira nyumba, mphepo ya ku mapiri a Mafinga inazizira n'kusiya. Ndinkadzifunsa ngati pakati pa atambala, nyimbo za kwaya ndi malangizo a makolo, munthu angazindikire wilo.

Mayi uja anabweranso Loweruka lina masana, n'kuika sipika pabwalo la sukulu. Amuna anakhala pamabenchi, ife amayi pansi chakumbuyo. Tinamva makiyi, chitseko chachitsulo, zidebe, makasu ambiri akugwa pamodzi, munthu akuwerenga anthu. Agogo ena anayamba kulira pa kuwerengako. Kenako kunabwera mawu a akaidi mmodzimmodzi. Ena ankapepesa, ena ankapempha sopo, wina anaimba. Ndinadikira mpaka mwendo unachita dzanzi.

Mawu a amuna anga anabwera chakumapeto, atasasa pang'ono. Anapereka moni kwa adada ndi amama. Ndinaganiza kuti athera pomwepo.

“Wilo lija musakonze,” anatero. “Ndidzakonza ndekha. Ndipo kasekedweko ndi kanga.”

Anthu anaseka. Apongozi anapukusa mutu, nauza anzawo kuti mwana wawo ngakhale ali m'ndende amangoganiza za njinga. Ine sindinaseke, ndinakoka chitenje n'kuphimba mwana kumutu ngati kuli dzuwa.

Ndinachoka anthu asanabalalike, ndinadzera njira ya m'munda. Kunali kutatsala chaka ndi miyezi inayi kuti amuna anga atuluke. Nditafika ndinatseka chitseko, ndinamasula mwana, n'kumukweza m'mwamba kuti agwire yekha tayala. Dzanja lake linali lisanathe kukankha, choncho ndinamuthandiza.