Mayi Feliya Mphepo ndi Ana a Matenanti

Akhristu anzanga, tsamba lino limakhala la nkhani za kusukulu yathu ya pulayimale. Mwezi uno ndapempha bambo mfumu kuti ndilembepo za Mayi Feliya Mphepo, amene tinawaika m'manda sabata yathayi. Sindikuona ngati ndalakwitsa tsamba, chifukwa zambiri zimene mumawerenga pano zinayambira pakhonde pawo.

Mayi Feliya anabadwira ku Thyolo. Anafika kuno ku Simlemba ali kamtsikana, pa lole ya bwana wa esiteti, makolo awo akubwera kudzagwira utenanti, kulimira bwanayo fodya. Sukulu anangoilawa. Akati azolowere mphunzitsi, fodya wakhwima, kuchigafa kukufunika manja osoka. Fodya akagulitsidwa, banja lasamukira esiteti ina. Anakula osadziwa kuwerenga, ndipo zimenezi zinawapweteka mpaka ukalamba.

Anakwatiwa ndi malemu a Dominic Mphepo, mwana wa m'mudzi muno. Ana awiri anawaika m'manda ali aang'ono, kenako bambo nawonso anatsogola. Sitinawamvepo akudandaula. Misa sankajomba, ndipo ankakhala kumbuyo pafupi ndi khomo, ati kuti aziona amene akuchita manyazi kulowa. Mphatso yoimba yokha ndiyo Mulungu sanawapatse, koma sanawauze, ndiye ife a kwaya tinkangopirira.

Pamene sukulu inakhazikitsa gulu la amayi oyang'anira ana, iwo anali oyamba kulowa. Ankaphika phala, kusokera atsikana nsalu za kumwezi, ndi kuyenda m'zigafa kukatola ana ojomba. Makolo akawiringula, ankati, "Fodya akakanika chaka chino mudzafesa wina. Nanga mwanayu mudzamufesanso?"

Atakalamba, mwana wawo wina, amene amakhala ku Joni, anawatumizira sola. Anthu a m'maesiteti anayamba kudzatchajitsa mafoni, ndipo mayiwo anakana kulandira kalikonse. Chimene ankafuna n'chakuti wobweretsa foni awawerengere Mawu a Mulungu a tsikulo. Obweretsawo anali ana. Tonse tikudziwa mmene zilili kuno: makolo ambiri sawerenga, ndiye foni ya bambo imakhala m'manja mwa mwana, kuti aziwawerengera mauthenga a bwana ndi a kumudzi.

Mmodzi mwa anawo anali Tithokoze, wa Sitandade 7, mwana wa a Benjamin, tenanti wochokera ku Phalombe. Mtsikanayu wandilola yekha kuti ndilembe izi. Tsiku lina masana akuwerenga Salimo, foni inangoti njenjenje pamwendo pake. Mwana uja anayamba kudumpha mizere.

"Akukusokonezayo ndani?" anafunsa Mayi Feliya. "Tawerenga zakenso timve, mwina akufuna mapemphero."

Tithokoze anagwetsa misozi. Anali bambo wina wosadziwika amene anamupeza pa intaneti. Ankamutumizira mayunitsi, nkumulonjeza ntchito ya m'sitolo ku Lilongwe. Tsopano anali atayamba kupempha zithunzi, ndipo anamuuza kuti makolo ake akadzangolandira za fodya, iye adzathawe, akamudikira kudepoti.

Mayi Feliya sanakalipe. Kulemba sankatha, koma kutumiza mawu ankadziwa, paja ndi mmene ankachezera ndi wa ku Joni uja. Anadina nati, "Bambo, muli bwanji? Ndine agogo ake a mwana mukumufunayu. Ntchitoyo ndabwera ndine, tandiuzani ndikwere basi yanji." Munthu uja sanayankhenso. M'mawa mwake anatengana ndi Mayi Fyness, wapampando wa gulu la amayi, kukanena kwa aphunzitsi aakulu, amene anakatula nkhaniyo kupolisi. M'mudzi simunamveke dzina la mwanayo.

Mwezi wa Julaye chaka chatha kusukulu kunali msonkhano wokonza za chaka chotsatira. Abambo ena anati mwana aliyense wopezeka ndi foni azithamangitsidwa sukulu. Mayi Feliya anaimirira ndi ndodo yawo. "Pepani akuluakulu, mafoniwa tinawapatsa ndife, ine ndemwe ndimawatchajira. Tisawathamangitse. Akamatiwerengera tizikhala nawo pafupi, tizifunsa kuti winayo ndani." Ndi pamene panachokera macheza a Lachisanu aja, amene aphunzitsi ndi amayi amakambirana ndi ana za anthu osawadziwa a pafoni.

Koma nkhani ya Tithokoze inali isanathe. Pokonza za Sitandade 8, mwachizolowezi ana a matenanti sitinkawawerengera, poti fodya akagulitsidwa amapita. A Benjamin nawonso anali atamanga kale katundu, ndipo anali atanena kuti kumudzi mwanayo sakapitiriza sukulu. Mayi Feliya anawatsatira kuesiteti.

"Bambo, ndisiyireni mwanayu alembe mayeso."

"Amayi, mwana wa mwini ndi katundu. Inu mwakula, mudzamudyetsa chiyani?"

"Chimene ndidya ine. Inetu ndinakwezedwa lole ndili ngati iyeyu, mpaka lero dzina langa amandilembera ndi anthu."

A Benjamin anapita pamene panali katundu paja, natsitsa kachikwama ka mwana wawo.

Miyezi imene anakhala awiriwo inali yokoma kuiona. Agogo patsogolo ndi kolona, mtsikana pambuyo ndi kampando. Mwana akamawerenga za mayeso, iwo ankakhala pambali nkumagwedeza mutu ngati akumva Chingerezi. Koma thupi linali litatopa. Nyengo ya Lenti itayamba miyendo inatupa, ndipo kuchipatala anati ndi mtima. Atalandira sakramenti la odwala anauza Mayi Fyness kuti, "Imfa sindikuiopa ayi. Chikundiwawa n'chakuti ndinalonjeza bambo wa mwanayu, ndiye ndikuthawa ntchito ili pakati." Anamwalira mwakachetechete Lachinayi m'mawa, Tithokoze atangonyamuka kupita kusukulu.

Tinalira, ndipo ine ndikulirabe. A Benjamin anabwera kumaliro kuchokera ku Phalombe. Titabwerako kumanda anathokoza anamfedwa mwaulemu, nati poti wosunga mwana wapita, mawa anyamuka naye. Palibe akanawadzudzula. Tithokoze anangokhala pakhonde, manja ali m'masaya, mayeso atatsala pang'ono.

Apo Mayi Fyness anagwada patsogolo pa a Benjamin. "Bambo, mwanayu agona kwanga." Asanamalize, mayi wina anati sopo ndi wake. Wina anati makandulo. Agogo ena a mphakati wathu, amene ngakhale nkhuku alibe, anati iwo azimuperekeza kutchalitchi. A Benjamin anavula chipewa, nkuphimba nacho kumaso.

Pamsonkhano wa chaka chino, makolo mubwere mwaunyinji, ndipo aphunzitsi aakulu anenetsa kuti ana a m'maesiteti awerengedwa pamodzi ndi anzawo. Mzimu wa Mayi Feliya uuse mu mtendere wa Ambuye amene anamutumikira. A Benjamin anakwera basi okha, ndipo Lolemba Tithokoze anali m'kalasi.